Kodi SSD ingagwire pa Raspberry Pi?

Funso: Ndili ndi kakompyuta ka Raspberry Pi 4 kosungira zithunzi za makamera a pakhomo. Magetsi akangothima mwadzidzidzi, memory card imawonongeka. Ndingaikepo SSD?
Wowerenga, Area 10, Lilongwe

Yankho: N'zotheka ndithu, bambo. Gulani SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 pamodzi ndi chingwe cha USB 3.0 to SATA. Mukamafunsa m'masitolo a makompyuta ku Old Town kapena ku City Centre, uzani wogulitsa aiyese pa laputopu inu mukuona, musanapereke ndalama.

Mukafika kunyumba, lembani Raspberry Pi OS pa SSD-yo ndi pulogalamu ya Raspberry Pi Imager. Thimitsani kakompyutako, chotsani memory card, kenako lowetsani chingwecho pa doko la buluu. Madoko akudawo ndi a USB 2.0, amachedwa. Kakakana kuyaka, mwina bootloader ndi yakale. Ikonzeni ndi Imager yomweyo.

Samalani ndi mphamvu ya magetsi. Pi 4 imafuna 5V 3A, ndipo tchaja ya foni yofooka imachititsa SSD kumangoduka. Amene ali ndi Pi 5, yomwe inatuluka mu 2023, angaike SSD ya NVMe kudzera pa M.2 HAT+, yomwe imalandira masaizi a 2230 ndi 2242.

Komatu SSD payokha siithetsa vuto lanu. Nayonso ingataye mafayilo magetsi akathima ikulemba. Lumikizani kakompyutako ku UPS yaing'ono kapena ku inverter, ndipo zithunzi zofunika muzisunganso pena.