Makobiri Akale: Kuwaika m'Magiredi ndi Kuwaciza Dzimbiri

Madzi a namondwe uja wa Freddy ataphwa m'mwezi wa March 2023, tinapeza kambiya kosweka pa bwinja pamene kale panali nyumba ya agogo athu, kufupi ndi Chiromo. M'kati mwace munali makobiri akale odzaza manja awiri. Mng'ono wanga, pofuna kutikondweretsa, anatengako asanu nawakwecesa ndi bwemba ndi mcenga kufikira anawala ngati atsopano. Titawaonetsa aphunzitsi athu a sayansi, iwo anangopukusa mutu nati asanu owalawo ndiwo aonongeka, akuda aja ndiwo ali bwino. Zimene anatiphunzitsa tsiku limenelo ndizo ndifuna kugawana nanu, anzanga, popeza mbiya zotere ziripo zambiri m'cigwa cathu cino.

Poyamba tidziwe makobiriwo. Ambiri amene amapezeka kuno ndi obooka pakati. Ena ndi a Southern Rhodesia, okhala ndi duwa ndi cisoti cacifumu. Awa anayamba mu 1934 ali oyera, ndipo a mkuwa anadza mu 1942. Ena ndi a nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, oyambira mu 1955: kobiri lathunthu liri ndi njobvu ziwiri, la theka liri ndi akadyamsonga awiri. Kobiri la Malawi la 1967 ndi 1968 liribe cibowo. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo 240 paundi imodzi, kufikira mu 1971 pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwace. Ife a ku Nsanje timapezanso masentavo ndi maeskudo a Apwitikizi olembedwa Moçambique, pakuti malire a ku Marka sanaletsepo ndarama kuoloka. Ngakhale timati ndi a mkuwa, makobiriwa ndi osakaniza: mkuwa ndiwo wocuruka, magawo 95 kapena kuposa pa 100, otsalawo ndi tini ndi zinki.

Monga thonje liikidwa m'magiredi pa msika, nazonso ndarama zakale ziri ndi magiredi ace. Amene amazisonkhanitsa ayang'ana cinthu cimodzi makamaka: kodi manja a anthu adya zojambula zace kufikira pati? Tengani kobiri la njobvu, muligwire m'mbali ndi zala ziwiri, muliyang'ane pa kuwala ndi galasi lokuza zinthu. Malo otukuka ndiwo ayamba kutha: khutu la njobvu, mnyanga, ndi timikanda ta pa cisoti. Ngati njobvu yangotsala cithunzithunzi, koma caka ndi malemba ziwerengeka, Angerezi amati Good, dzina lonyenga ndithu, cifukwa ili ndi giredi la pansi. Ngati khutu lioneka koma lasalala, amati Fine. Ngati mizere yambiri ya khutu ndi cisoti iripo, Very Fine. Ngati patha pa nsonga pokha, Extremely Fine. Lomwe silinayendepo m'manja konse ndilo Uncirculated, ndipo lotere simungaliyembekeze m'mbiya ya agogo. Ku Amereka amawerenga ndi manambala, kuyambira 1 kufikira 70, njira imene William Sheldon anaikonza mu 1949 poweruza masenti a mkuwa a dziko lace.

Tsono apa ndi pamene mng'ono wanga anagwa. Mkuwa ukakhala zaka zambiri umabvala khungu lofiirira ngati nthaka, kapena lakuda, mwina lobiriwira, losalala ndi lolimba. Khungu limeneli si litsiro ai. Ndi mkuwa womwewo umene wagwirizana ndi mpweya, ndipo liteteza citsulo ca m'kati. Bwemba, mandimu, malambe ndi vinigala ziri ndi asidi amene asungunula khungulo, ndipo mcenga, phulusa kapena Brasso zisiya timizere tosawerengeka timene galasi liwonetsa msanga. Kobiri lotsukidwa motero limakhala ndi mtundu wotuwa, ngati khungu la munthu wopsa ndi moto, ndipo wodziwa ndarama aliika pansi ngakhale njobvu yace ikhale yathunthu. Cimene cacoka sicibwereranso.

Koma liripo dzimbiri lina loipa, limene Angerezi alicha bronze disease, ndiko kuti nthenda ya mkuwa. Lioneka ngati timadontho tobiriwira motuwa, tofewa ngati ufa. Muliyese ndi kamtengo ka macesi: khungu labwino silisuntha, koma nthendayi iyoyoka, ndipo pansi pace mupeza kadzenje. Gwero lace ndi mcere. Mcere wa m'nthaka ulowa mu mkuwa nupanga cimene a sayansi acicha cuprous chloride. Pamene kobiri lafukulidwa, cinthuci cikomana ndi mpweya ndi cinyezi, ndipo pabadwa ufa uja pamodzi ndi asidi. Asidiyo adyanso mkuwa wina napanga chloride yina, ndipo zipitirira motero kufikira kobiri litabooka. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tiyenera kucenjera koposa anzathu a ku mapiri, pakuti nthaka yathu m'malo ambiri iri ndi mcere, monga adziwa aliyense amene analawapo madzi a m'mijigo ina ya ku Nchalo ndi Ngabu, ndipo kutentha ndi cinyezi ca dzinja zifulumiza nchitoyi.

Kobiri lodwala mulipatule kwa anzace. Cotsani ufawo pang'ono-pang'ono ndi kamtengo, osati singano kapena mpeni. Kenaka libviikeni m'madzi opanda mcere, aja amagulitsa owonjezera m'batire ya galimoto (samalani, madziwo, osati asidi wace), ndipo muzisintha madziwo masiku awiri kapena atatu ali onse kwa masabata angapo, kuti mcere uturuke. Madzi a pa mjigo angoonjezera nthenda. Mukatero liumitseni kweni-kweni pa dzuwa. Ku nyumba zosungira zinthu zakale amagwiritsa nchito mankhwala monga sodium sesquicarbonate ndi benzotriazole, koma amenewo musawakhudze popanda aphunzitsi. Kobiri losadwala, lamatope cabe, lifuna madzi omwewo ndi cala cokha.

Matambala ofiira nawo ali a mitundu iwiri. Oyamba aja a 1971 ndi a mkuwa, koma a zaka zina za pambuyo pace ndi citsulo cokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Maginito akuuzani: lacitsulo limamatira, ndipo lotere musalibviike, cifukwa licita dzimbiri lofiira longa la khasu.

Posunga, liri lonse likhale m'kaenvulopu kace ka pepala, mutalembapo caka, giredi ndi malo amene munalipeza. Pewani mapulasitiki ofewa, popeza ena aturutsa asidi akatenthedwa. Ndinene poyera kuti mbiri imene imamveka m'midzi, yakuti kobiri lobooka lingalemeretse munthu, musaikhulupirire. Anasulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo otha-itha mtengo wace ndi wocepa.

Pa makobiri a m'kambiya kathu, atatu anali odwala. Awiri anacira. Lacitatu, la njobvu la 1957, linaturutsanso ufa mvula itayamba, ndipo tinalibwezera m'madzi kaciwiri.