Mphere ndi Zilonda za m'Miyendo ya Nkhuku

Kwathu ndi kwa Mlonyeni, m'boma la Mchinji, pafupi ndi malire a Zambia. Kumeneko nkhuku ndiyo chuma cha munthu wosauka. Mlendo akafika timagwira nkhuku, ndipo ndalama ya makope ikasowa timagwiranso nkhuku. Tsono ndifuna kuuza anzanga za nthenda ina imene ambiri a ife timaiona koma sitiiyesa nthenda.

Nditafika kumudzi pa tchuthi ndinapeza tambala wa agogo akutsimphina. Miyendo yake inali yotupa, mamba atatukuka, ndipo pakati pa mambawo panali zoyera zouma zonga laimu. Agogo anati, "Wangokalamba ameneyu, mdzukulu wanga." Koma mathadzi awiri nawonso anali atayamba chimodzimodzi. Wogula nkhuku wa pa njinga atabwera anaona miyendoyo, napukusa mutu, natchula mtengo wochititsa manyazi. Ine mtima unandipweteka, pakuti ndalama imeneyo inali ya ulendo wanga wobwerera kusukulu.

Tinapita kwa alangizi a ziweto, ndipo iwo anati ndi mphere ya nkhuku. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa Knemidocoptes mutans, ka mtundu wofanana ndi kamene kamadzetsa mphere kwa anthu, ngakhale kuti aka sikakhala pa munthu. Tisakasokoneze ndi utitiri. Utitiri timauona ndi maso, koma aka nkakang'ono kotero kuti sikaoneka popanda makina okuza zinthu. Kamaboola khungu pansi pa mamba, kamadya ndi kuswana momwemo, ndipo nyansi zake pamodzi ndi madzi otuluka m'khungu zimauma ndi kukankha mamba. Nkhuku zimapatsirana makamaka usiku pogona mothithikana pa mtanda umodzi. Nthendayi imakula pang'onopang'ono, nchifukwa chake imaonekera kwambiri pa nkhuku zazikulu, ndipo agogo sanalakwe kwenikweni poitcha ya ukalamba. Ikalekereredwa nkhuku imalephera kupalasa, imaonda, zala zina zimafa ndi kuduka, ndipo tambala sathanso kukwera thadzi. Katemera wa chitopa, uja wodonthezera m'maso, sachiza nthenda imeneyi.

Mankhwala ake ali m'nyumba momwemo. Madzulo, nkhuku zitalowa, ndinagwira imodziimodzi. Ndinaviika miyendo m'madzi ofunda a sopo mphindi 10 kuti nkhanambo zifewe, ndi kutsuka mofatsa ndi mswachi wakale. Nditapukuta bwino ndinapaka Vaseline wambiri kuyambira ku zala kufikira pamene nthenga ziyambira, ndikusisita chokweza kuti mafuta alowe pansi pa mamba. Mafutawo amatseka mpweya ndipo tizilombo timafa. Ndinachita zimenezi katatu pa sabata kwa masabata 4, pakuti kupaka kamodzi sikutha tonse. Pano ndivomere kulakwa kwanga. Tsiku loyamba ndinasenda mamba ena ndi chikhadabo pofuna kuti mwendo uyere msanga, ndipo magazi anatuluka. Musasende, mamba oipawo amagwa okha.

Amalume anati ife tikutaya nthawi, iwo amaviika miyendo mu palafini kapena mu oyilo wakutha wa galimoto. Nzoona kuti tizilombo timafa, koma palafini amaotcha khungu, ndipo mwendo wa mphere umakhala uli kale ndi ming'alu. Oyilo wakutha ali ndi poizoni, ndipo nkhukuyo tidzaidya ndife. Ndinawayankha mwaulemu, koma sanandimvere.

Khola nalonso lifunika kulisamala. Tinasesa zitosi, tinatentha udzu wa m'zisa, tinathira phulusa pansi, ndipo mitanda yakale tinaisonkhera moto ndi kuikamo yatsopano yosalala.

Pogwira nkhukuzo ndinapezanso zilonda za mitundu iwiri. Thadzi lina linali ndi ulusi wa thumba la feteleza utakulunga chala, utalowa m'mnofu. Ulusi wotere suola, ndipo umatseka magazi. Ndinaudula ndi lumo latsopano, ndinatsuka bala ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita losungunuliramo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ndipo ndinapaka GV, mankhwala ofiirira aja. Mankhwalawa amathandiza pawiri: amapha tizilombo, ndiponso amabisa kufiira kwa magazi, pakuti nkhuku ikaona pofiira imajompha. Thadzilo tinalivundikira ndi dengu masiku 5 pa malo ouma, tikulipatsa madeya ndi madzi.

Chilonda chachiwiri chinali kunsi kwa phazi la tambala wina, chotupa cholimba chokhala ndi nkhanambo yakuda pakati. Chimayamba pamene munga, msomali kapena mtanda wokhakhala walasa phazi, ndipo tizilombo totchedwa Staphylococcus talowa. Mafinya a nkhuku sayenderera monga athu, amalimba, kotero kufinya sikuthandiza. Chimenechi sindinachite nacho ndekha. Alangizi anachitumbula, nachotsa cholimbacho, namanga kansalu koyera kamene tinkasintha tsiku ndi tsiku.

Pofika sabata lachitatu tambala wa agogo anasiya kutsimphina, ngakhale kuti miyendo inali isanasalale, pakuti mamba atsopano amatenga miyezi. Thadzi lija chala chinaduka ndithu, chifukwa tinachiona mochedwa, koma likupalasa ndi zotsalazo. Ndalama ya ulendo tinaipeza pogulitsa ndowa ya mtedza. Pamene ndinkanyamuka agogo anandiuza kuti botolo la Vaseline ndilisiye pa zenera, ayamba kupaka okha Lolemba.