Chifuwa Chachikulu Chogwira Mafupa a Msana

Ambiri a ife timadziwa kuti TB ndi matenda okhosomoletsa. Mwezi uno tiphunzira za mtundu wina umene suonekaoneka, ndiwo TB ya mafupa a msana. Dokotala wa ku England, Percivall Pott, analongosola matendawa m'chaka cha 1779, ndipo Robert Koch wa ku Germany anapeza kachirombo kake mu 1882.

Chiyambi Chake

Kachirombo kamalowa m'mapapo tikapuma mpweya umene wodwala wakhosomolera. M'madera othithikana monga Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, kumene banja lonse limagona m'chipinda chimodzi chosowa mazenera, kamafala mosavuta, ndipo wodwala akabwerera kumudzi amapita nako. Kuchokera m'mapapo kamayenda m'magazi, n'kukakhazikika pa mfundo za msana, kumene kamadya fupa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Ana osadya mokwanira ndi anthu amene ali ndi HIV ndiwo ali pangozi yaikulu.

Zizindikiro

1. Msana kupweteka pamalo amodzi kwa milungu yambiri, ngakhale pogona.
2. Kuonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku.
3. Msana kuuma. Mwana akafuna kutola kanthu pansi amapinda maondo m'malo mowerama.
4. Chotupa chamafinya chosatentha ndi chosafiira, pamsana kapena m'mphechepeche. Mafinyawo amachokera pafupa lodwala n'kutsika motsata mnofu.
5. Linunda, limene limatuluka fupa likaphwanyika.
6. Miyendo kuchita dzanzi ndi kufooka, kapena mkodzo kutuluka wokha. Apa mtsempha waukulu wa mumsana wapanikizika, ndipo wodwala ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwani kuti odwala ambiri otere sakhosomola konse.

Chithandizo

Matendawa si ufiti. Musatemere mphini, ndiponso musaboole chotupacho, chifukwa bala lake limachedwa kupola ndipo limalowetsa tizirombo tina. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Kumeneko adzakuyesani makhololo ndi magazi, n'kukutumizani kuchipatala chachikulu kuti akajambule msana. Kwa anthu a mu Blantyre chipatalacho ndi Queen Elizabeth, chimene ambiri amati ku Gulupu. Mumzindamu mulinso chipatala cha mafupa cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana.

Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za Boma. TB ya msana imafuna kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi 9 kufikira 12. Ululu umachepa msanga, koma wosiyira panjira amadzutsanso matenda, mwina ali osamva mankhwala. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Wofika msanga kawirikawiri amayendanso bwinobwino, koma linunda likatuluka mankhwala saliwongola.

Kapewedwe

Mwana aliyense alandire katemera wa BCG akangobadwa. Tsegulani mazenera kuti mpweya ndi dzuwa zilowe. Ngati pabanja papezeka wodwala TB, onse a m'nyumbamo, makamaka ana osafika zaka 5, akayesedwe kuchipatala.