Mwabisa mokwanira, bambo

Azakhali,

Ntchito inandithera mu Meyi koma mkazi wanga sakudziwa. M'mawa uliwonse ndimavala jekete, kukwera minibasi, n'kumakazungulira mu Limbe mpaka madzulo. Lendi ndalipira ndi ndalama ya katapila. Sabata yatha anandipeza ndikulira kubafa, ndinamuuza kuti sopo walowa m'maso. Iye amangogulitsa mandasi, za kuntchito sangazimvetse. Nditani kuti ndilimbe ngati mwamuna?

Wothedwa nzeru, Bangwe

Bambo a ku Bangwe,

Mwati amangogulitsa mandasi? Pamenepo mpamene mwandilasa mtima. Chiyambire Meyi, ndiwo zimene mukudya madzulo zikuchokera kuti? Mayi ameneyu amadzuka tambala woyamba kukanda ufa, manja ali zipsera za mafuta, ndipo akudziwa kuwawa kobwerera kunyumba beseni lisanathe. Wotereyu ndiye asamvetse kuti ndalama imatha? Kumeneko n'kunyada, ndipo kukudyerani ndalama ya minibasi tsiku ndi tsiku.

Za sopozo musadzinamize, anaona. Panopa akugona akudzifunsa chimene chikuliza mwamuna wake, mwina akuganiza kuti kuli mkazi wina, mwina matenda. Mukuti mukumuteteza, chonsecho mwamusenzetsa mantha opanda dzina. Komanso wakatapila sasunga chinsinsi cha munthu. Tsiku lina adzafika kudzanyamula matiresi aneba akuonerera, mkazi wanu n'kumva zonse kwa mlendo.

Ndife tomwe tinakulakwirani. Kamnyamata kakagwa timati dzuka, mwamuna salira. Pamaliro amayi amalira m'nyumba, abambo ali panja duu, kumeza misozi. Ndiye chaka ndi chaka apolisi amatiuza kuti mwa anthu odzipha ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa pa zifukwa zake. Ineyo misozi yanuyo sikundidetsa nkhawa. Chikundiopsa n'chakuti mukulira nokha, chitseko chokhoma. Kuvala jekete n'kunama aliyense angathe. Chofuna chiwindi n'kukhala pansi pamaso pa mkazi wako n'kunena kuti mayi, ndagwa, ndigwireni dzanja.

Usiku uno ana akagona muuzeni zonse, ngongoleyo muilembe papepala mpaka tambala yomaliza. Akakwiya musadabwe, wakwiyira bodza la miyezi yonseyi, ndipo mupepese. Ngati pakamwa pakulemera, itanani ankhoswe, ntchito yawo si ya pachinkhoswe pokha. Mawa jekete likhale, mupite ku ofesi ya leba: ngati anakuchotsani pochepetsa antchito, lamulo limati pali ndalama yoti akupatseni. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akangokufikirani, musadikire kuti kuche bwino, uzani munthu ndipo thamangirani ku chipatala cha Queens, kuli madokotala othandiza pa nkhawa zotere.

Tsono inu amayi amene mukuwerenga, nanunso ndili nanu mawu. Mwamuna akakutsegulirani chifuwa, nkhaniyo isakafike pamjigo kapena pa gulu la WhatsApp la kumpingo, ndipo musadzaitulutse tsiku lokangana kuti paja munalira inu. Apongozi nawonso, mkamwini ntchito ikamuthera, lekani kumuwerengera mitanda ya nsima. Miyezi imene ankatumiza ya feteleza munkamutcha mwana wanu, mumutchebe choncho pamene wabwera chimanjamanja.

Azakhali