Mbalame Zoyera za ku Mungwi Road

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera kwa bambo wina wa ku Kabwata, amene amawotcherera zitsulo ku Heavy Industrial Area. Akuti: "Mvula ikagwa, m'zithaphwi za m'mbali mwa Mungwi Road mumatera mbalame zoyera za miyendo italiitali. Anzanga akuti n'za kunyanja yamchere, zinasochera. Kodi n'zoona?"

Bambo, mbalamezo sizinasochere ayi. Ndi akakowa, mbadwa za dziko lino, omwe aja amatsata ng'ombe kudambo. Popeza mzinda wa Lusaka udamangidwa pa thanthwe la laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kotero kuti mvula ya masiku owerengeka imasandutsa mabwalo a mafakitale kukhala matamanda, achule ndi ziwala zimachuluka, kakowa naye nabwera kudzadya chimene sanafese. Alendo enieni ndi anamzeze ochokera ku Ulaya, amene amafika cha mu Okutobala nabwerera mu Epulo. Koma poti ngaang'ono, palibe amawalembera kalata.

Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Chelstone, amene asamukira ku Siavonga: "Kodi m'mphepete mwa nyanja ya Kariba ndikaonako zotani?"

Mayi, mukalawire m'mamawa dzuwa lisanatuluke, mukakhale chete pagombe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamwamba pa mitengo youma imene idamira madzi atadzaza chigwacho, damu litatha kumangidwa mu 1959, mudzaona nkhwazi, yomwe ija ili pa mbendera yathu. Ndipo ikamalira, mutu itaugadamitsa chakumbuyo, mnzake nayankha kutsidya, mudzadziwa kuti ndi banja, yaikulu thupi ndiyo yaikazi. Usiku nyali zoyandama pamadzi zisakudabwitseni, ndi asodzi a kapenta, kansomba kamene kadatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960. Mukafuna mbalame zochuluka koposa apo, ku Lochinvar, pafupi ndi Monze, adawerengako mitundu yoposa 400.

Koma mayi, ndikupemphani chinthu chimodzi, musachitaye: ana asakasambe kapena kutsuka mbale pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa ng'ona imasunga nthawi ndi malo, ndipo mvuu yotuluka kukadya msipu usiku siifuna munthu pakati pa iyo ndi madzi.