PHUNZIRO 17: NDALAMA ZA BOMA ZINAPITA KWA YANI?

Anzathu, lero tiwerenga za alimi a thonje a dziko lakutali la America. Dera lawo ndi Poinsett, m'chigawo cha Arkansas.

Kumeneko minda ikuluikulu inali ya anthu ochepa. Olima anali ambiri, akuda ndi azungu osauka. Iwo analibe minda yawoyawo. Ankalima pa nthaka ya eni ake. Pokolola, ambiri ankapereka theka la thonje kwa mwini munda.

Pofika 1932 mtengo wa thonje unali utagweratu. Thonje linachuluka, ogula anachepa. Mu 1933 boma la Franklin Roosevelt linakhazikitsa lamulo. Mlimi akachepetsa munda wa thonje, boma lizimupatsa ndalama. Maganizo anali akuti thonje likachepa, mtengo ukwera. Chaka chomwecho alimi anagalauza thonje lomera kale pa mahekitala pafupifupi 4 miliyoni.

Mtengo unakweradi. Nanga ndalama zija?

Ndalama zambiri zinkatuluka m'dzina la mwini munda. Iye amayenera kugawirako olima ake. Ambiri sanagawe. Ena anazigwira ponena kuti olimawo ali ndi ngongole. Ena anathamangitsa mabanja, poti munda wachepa. Wodandaula ankapita ku komiti ya m'deralo. Koma m'komitimo munadzaza eni minda omwewo. Kodi mbuzi ingakasume kwa fisi?

Mu Julayi 1934, amuna 18, akuda ndi azungu, anakumana m'kasukulu pafupi ndi tauni ya Tyronza. Anayambitsa bungwe la olima opanda minda, lotchedwa Southern Tenant Farmers' Union. Ena anamenyedwa, ena anamangidwa, koma bungwe linakula. Mu 1935 anagwirizana zoleka kutola thonje, ndipo malipiro anakwera m'minda yambiri. Komabe mabanja ambiri othamangitsidwa sanabwerere. Patapita zaka, mathirakitala analowa m'malo mwawo.

Mpaka lero boma la America limapereka ndalama kwa alimi. Gawo lalikulu limapita ku minda ikuluikulu.

TIPHUNZIREPO CHIYANI?

Thandizo sililondola thukuta. Limalondola dzina lolembedwa pa pepala. Tsono ku koperativa kwathu kukabwera mbewu, feteleza, makasu kapena ndalama, tichite izi:

1. Mayina a olandira awerengedwe mokweza pa msonkhano, aliyense akumva.
2. Wogwira khasu ndiye alembedwe. Ngati wolima ndi mayi, dzina la mayiyo lilembedwe.
3. Tisasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sitinaliwerenge.
4. Komiti isankhidwe ndi olima, ndipo ionetse buku la ndalama poyera.

MAWU OTI TILEMBE

thonje, mtengo, theka, ngongole, komiti, bungwe

MAFUNSO

1. Chifukwa chiyani boma linalipira alimi kuti achepetse minda?
2. Ndalama zinkatuluka m'dzina la yani?
3. Amuna 18 aja anachita chiyani mu 1934?
4. Kwathu kuno, amasunga mayina a mamembala ndani? Munawaonapo mayinawo ndi maso anu?

NTCHITO

Lembani dzina lanu, kukula kwa munda wanu, ndi matumba amene munakolola chaka chatha. Kenaka pemphani mlembi wa koperativa akuonetseni buku. Pezani nokha dzina lanu, muone ngati zikufanana.