Ng'oma Yotsata Wodwala: Gule wa Vimbuza ku Rumphi ndi Malo a Anthu Osalidwa pa Bwalo

M'nkhani ino ndikufuna kuunika gule wa vimbuza amene amavinidwa kwathu ku Rumphi komanso m'madera ena a Atumbuka monga ku Mzimba. Ndasankha guleyu pofuna kuyankha funso limene magulu azisudzo ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu osalidwa amakumana nalo: kodi munthu wolumala, wodwala maganizo kapena wolankhula chiyankhulo cha anthu ochepa amaima pati pamene ng'oma ikulira? Maganizo anga ndi akuti luso limathandiza munthu wosalidwa pokhapokha iyeyo ataima pakati pa bwalo, ena nkumatsata iye.

Poti ndife ophunzira za chiyankhulo, tiyambe ndi liwulo. "Vimbuza" ndi liwu la Chitumbuka ndipo mphatikiram'mbuyo vi- ndi amene m'Chichewa timati zi-, monga vinthu ndi zinthu. Chochititsa chidwi n'chakuti liwu limodzi lomweli limatchula zinthu zitatu: mizimu imene yagwira munthu, nthenda imene mizimuyo yabweretsa, ndi gule amene amachiza nthendayo. Choncho munthu akati "mayi uja ali ndi vimbuza" watchula vuto, gwero lake ndi mankhwala ake nthawi imodzi. Yerekezani ndi liwu loti "wamisala". Tikamutchula munthu choncho, tatsekeratu nkhani yake. Chotsatira ndi ana kumugenda pamsika.

Odwala ambiri a vimbuza ndi amayi, ndipo zimene zimawasautsa n'zomwe achipatala angazitche matenda a maganizo. Wodwala amakakhala kwa sing'anga, m'nyumba yotchedwa temphiri, kwa masabata kapena miyezi. Usiku wa gule amayi ndi ana a m'mudzi amamuzungulira, akuimba ndi kuomba m'manja. Amuna amene amakhalapo ndi oimba ng'oma, mwinanso sing'angayo ngati ndi wamwamuna. Apa ndi pamene pagona mfundo yanga. Mzimu uliwonse uli ndi kamvekedwe kake ka ng'oma, kotero oimba ng'oma sangangoimba zimene akonda. Amayang'ana wodwalayo, nkumasintha mpaka thupi lake livomere. Mayi amene masana sangakweze mawu pamaso pa apongozi ake, usiku umenewo ndiye amene amuna amphamvu amatuluka thukuta pomutsatira.

Mbiri ikuonetsa chifukwa chake guleyu anamera motere. Anayamba kudziwika chapakati pa zaka za m'ma 1800, nthawi imene Angoni anafika kumpoto ndi kugonjetsa midzi yambiri ya Atumbuka. Kenaka kunadza Atsamunda, ndipo amuna ambiri anayamba kupita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa monga tikuwatchulira maikowa lero. Ena sanabwerere konse, anasanduka matchona. Mkazi wolowoledwa ankatsala pamudzi wa mwamuna, kulima yekha, kutumikira apongozi, wopanda kodandaulira. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, anasanthula nyimbo za vimbuza naonetsa kuti zambiri zinali madandaulo a amayi otere. Mzimu ukalankhula palibe amene angautengere ku bwalo la amfumu. Motero mayi ankanena zakukhosi, ndipo mudzi wonse unkayankha nyimbo yakeyo, kuphatikizapo amene akudandaulidwawo.

Amishoni a Livingstonia, amene anakhazikika ku Khondowe m'boma lomweli la Rumphi mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws, anadana nawo guleyu ndipo anauletsa pakati pa akhristu awo. Koma sunafe. Patapita zaka, chiyankhulo chimene nyimbozi zimaimbidwiramo nacho chinakumana ndi chiletso. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'sukulu. Chinabwerera pa wailesi mu 1994. Kwa zaka 26 zimenezo ana a ku Bolero ndi ku Mlowe ankamva chiyankhulo chawo kunyumba, kutchalitchi ndi pa magule. Wambali Mkandawire, amene makolo ake ankachokera ku Mlowe, anatenga Chitumbuka ndi kamvekedwe ka ng'oma zakumpoto nkuziphatikiza ndi jazi, ndipo chimbale chake cha 2002, Zani Muwone, chinamveka mpaka kunja kwa dziko. Anamwalira mu 2021. Ine pano ndikulemba za Atumbuka m'Chichewa, ndipo owerenga angathe kuona okha kuti chigamulo cha 1968 chinasiya zizindikiro zake.

Tsono tiyeni titenge muyeso wa bwalo la vimbuza tiyezere zisudzo zamakono zokhudza anthu olumala. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, ndi aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, linalimbikitsa zisudzo zachitukuko zimene anthu a m'mudzi amatengamo mbali pofotokoza mavuto awo. Ganizolo linali labwino, ndipo mabungwe ambiri analitengera. Komabe zimene timaona kawirikawiri pa misonkhano yozindikiritsa anthu n'zosiyana. Mnyamata wamiyendo yabwinobwino amatenga ndodo nkumatsimphina, wina amatsinzina kuti akhale wosaona, anthu nkumafa ndi phwete. Pamapeto wina amaima nkunena kuti tisamasale olumala. Mwini nkhaniyo wakhala pambali pa njinga yake, kudikira kuti amujambule ndi mlendo wolemekezeka. Uthengawo ndi woona, koma ng'oma yatsata munthu wina.

Pali zitsanzo za mtundu winawo. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, ndipo ndiye ankatsogolera gulu la Chimvu River Jazz Band. Anthu ankavina nyimbo zake kaamba ka ukatswiri wake pa banjo, osati kaamba ka chifundo. Chitsanzo chatsopano ndi Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga pamanja. Kuyambira kumapeto kwa 2014 anthu achialubino anayamba kusakidwa ngati nyama, ndipo bungwe la Amnesty International linanena mu 2016 kuti anthu osachepera 18 anali ataphedwa. Lazarus anatulutsa chimbale cha Stomp on the Devil mu 2019 ndipo anayenda m'madera kuimba za mavutowa. Anthu akasonkhana kumvera munthu wachialubino, akuomba m'manja motsata banjo yake, kumakhala kovutirapo kuti mawa amuone ngati katundu wogulitsa. Mu 2021 Overstone Kondowe, amene anatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'dziko muno.

Sindikufuna kukometsa vimbuza mopyola muyeso. Munthu wa khunyu amafunika mankhwala a kuchipatala tsiku ndi tsiku, ndipo wodwala maganizo kwambiri angathandizidwe ku Saint John of God ku Mzuzu. Kumusunga ku temphiri miyezi yambiri kungamuchedwetse. Komanso dziko la asing'anga lili ndi mbali yake yoopsa. Nchimi Chikanga, amene anatchuka kuchokera ku Rumphi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpaka kukoka anthu ochokera ku Tanzania ndi Zambia, ankadziwika ndi kuulula afiti, ndipo ntchito yotere imasiya anthu ena atalozedwa chala m'mudzi. Chikhulupiriro chakuti mafupa a munthu wachialubino amalemeretsa chimafalitsidwanso ndi asing'anga ena achinyengo. Chimene ndikutengapo pa vimbuza ndi kakonzedwe ka bwalo, osati zonse zochitika kwa sing'anga.

Palinso anthu amene bwalo lathu silinawatsegukire. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe poyera ku Blantyre. Tiwonge, amene amadzitenga kuti ndi mkazi, malamulo anamuwerenga ngati mwamuna. Awiriwa anamangidwa, ndipo mu Meyi 2010 khoti linawagamula kukakhala kundende zaka 14, ngakhale pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha. Ndikudziwa kuti anzanga ambiri m'kalasi ali ndi maganizo olimba pa nkhaniyi, ndipo sindingawasinthe ndi ndime imodzi. Ndingoti chinkhoswe nacho ndi mwambo wa pabwalo, wa nyimbo ndi kuvina, ndipo khamu limene linkasonkhana kukhoti panthawi ya mlanduwo linkabwera kudzaseka. Linawazungulira ndithu, koma silinkayankha nyimbo yawo.

Bungwe la UNESCO linalemekeza vimbuza mu 2005, ndipo mu 2008 linaika guleyu pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ife a ku Rumphi timanyadira zimenezi. Koma vimbuza amene amaonetsedwa pa zikondwerero ndi pa misonkhano ya andale kawirikawiri amavinidwa masana ndi katswiri wathanzi lake, wovala zikopa ndi mangenjeza, kwa mphindi zochepa zimene wapatsidwa pa ndondomeko. Oimba ng'oma pamenepo amayang'ana kwa woyendetsa mwambo kuti awauze nthawi yolekera.